Pantuni Ikamabwerera Yopanda Anthu

Pa doko lathu panali limu ya galimoto, yadzimbiri, yopachikidwa ndi waya pa nthambi ya mkuyu. Munthu akafuna kuwoloka ankatola mwala n'kuimenya, ndipo kulira kwake kunkathamanga pamwamba pa madzi kukauza okoka chingwe kuti kuno kuli waulendo. Tsidya linalo kunalinso inzake, yosasa mawu ngati nkhalamba ya chimfine. Ine yathuyi ndinkaimenya ngakhale ndilibe kopita. Amuna a ndevu zawo tsidya lija ankataya makasu m'munda, kuthamangira ku chingwe, n'kuona kuti pa doko lathu pali mbuzi yokha ikuwayang'ana. Madandaulo akawoloka, makutu anga ndiwo ankalipira. Mukadzakumana nane n'kuona kutalika kwake, musadzati n'chibadwa.

Sukulu ndinalekeza pa Sitandade 4, choncho mukapeza chilembo chagona chagada, chidzutseni nokha. Nkhaniyi ndiyo sinagone.

Inu ana a masiku ano mumawoloka Bua muli m'minibasi, maso ali pa foni, osadziwa n'komwe kuti pansi panu padutsa mtsinje. Kumadzulo kwa Kabudula kuli malo amene Bua amatayana m'dambo lalikulu. M'chilimwe ndi dambo chabe, ng'ombe zimadyamo, ana amakumbamo mbewa. Koma mvula ikakhazikika, midzi ya pa zitunda inkasanduka zilumba, uwu pawokha, uwo pawokha. Waukulu unali wathu, ndipo tinkangoti pa Chilumba. A midzi ing'onoing'ono ankabwera kwathu pa bwato, chifukwa khomo lotulukira kudziko linali limodzi lokha: pantuni.

Pantuniyo inabwera ine ndisanabadwe. Akuti anaipanga ndi mzungu wina wa esiteti ya fodya, amene anatopa kuona mabelo a alimi akuwolera tsidya la madzi. Sichinali chinthu chokongola ayi. Inali migolo yachitsulo yomangidwa pamodzi, pamwamba pake matabwa, m'mbali timipanda tofika m'chiuno. Inkanyamula galimoto imodzi basi, yaing'ono, ndi anthu oima m'mbalimo atagwira njinga ndi nkhuku zawo. Injini inalibe, injini yake inali mapewa a anthu. Waya wamkulu ankadutsa mtsinje kuti madzi asaikokolole, ndipo uku ndi uku inali ndi chingwe. Ikamabwera kwathu ankakoka ndi a pa Chilumba, ikamapita ankakoka ndi a kumtunda. Wokoka ankasenza chingwe paphewa, kufulatira madzi, n'kumakwera chitunda akuimba nyimbo zimene sindingazilembe pano, popeza masiku ano ndimakhala pa benchi ya kutsogolo ku tchalitchi.

Mzungu atapita inatsala m'manja mwa boma, boma litaiiwala inatsala m'manja mwa eni mudzi. Inamirapo ndi ngolo ya chimanga, anaivuula. Waya anadukapo, iyo n'kuyamba ulendo wokacheza cha ku Kasungu, anakaibweza ndi ng'ombe. Inawolotsa akwati, anamwino a katemera, apolisi, ogula nkhumba ndi alaliki. Mlatho utamangidwa anaikokera kumtunda, ndipo migolo yake ina ikugwirabe ntchito mpaka lero. Mukadzamwa kachasu wa cha kumeneko n'kumva ngati pansi pakuyenda, musadzadabwe. Mwakwera pantuni.

Koma ine ndikufuna kunena za dzinja limodzi, limene bambo anamwalira.

Ndinali pa msinkhu woguluka mano akutsogolo. Bambo anadwala chifuwa nthawi yaitali, ndipo chifuwa chawo chinali ndi kayimbidwe kake: kawiri mofulumira, kenaka kamodzi kotalika, kothera m'kalikhweru. Mudzi wonse unkachidziwa. Agalu athu akachimva kumunsi kwa njira ankayamba kugwedeza michira. Anamwalira mvula yoyamba itangogwa, fungo la dothi lonyowa lili m'mphuno, ndipo tinawaika madzi asanatseke dambo. Chimene ndimakumbukira kwambiri si kulira ayi, koma kuti m'nyumba munakhala zii, moti ndinkamva chiswe chikudya denga.

Amayi kwawo kunali kufupi ndi Nsaru. Kwathu kuno mwamuna ndiye amapita kwa mkazi, koma bambo anapempha chitengwa, amayi n'kuwatsata pa Chilumba. Tsono mwamuna akamwalira, mtengwa amadikira kumeta kwachiwiri, amusudzule, atenge ana ake, abwerere kwa abale ake. Ndi mmene zinkayenera kukhalira. Koma bambo aang'ono, mng'ono wawo wa bambo, anali ndi maganizo ena. Iwo ankafuna kulowa chokolo, ndiko kuti kutenga amayi akhale mkazi wawo wachiwiri.

Anayamba ndi sopo. Kenaka mbewa zowamba. Kenaka anayamba kukhala pa mpando wa ndalema wa bambo, atavala jekete la bambo, manja ake akulekeza pakati pa mkono.

"Alamu," ankatero, "nyumba yopanda mwamuna imadontha."

"Idonthe, alamu," amayi ankayankha. "Beseni ndili nalo."

Ine ndinkaseka, iwo osaseka. Pamenepo ndinkaona ngati nthabwala za akuluakulu. Tsopano ndikamakumbukira ndimaona mkazi wawo woyamba, amene ankamva khutu limodzi lokha ndipo ankayenda atapendeketsa mutu ngati nkhuku yoonera kabawi. Mudzi wonse unkadziwa chimene chinatseka khutu linalo. Amayi nawonso ankadziwa.

Vuto linali lakuti bambo aang'onowo ndiwo anali kapitawo wa pantuni. Mbuzi yomwe sinkakwera iwo asanagwedeze mutu. Amalume, mlongo wawo wa amayi, anabwera kangapo kudzakamba nkhaniyi. Ankaima tsidya lija ndi njinga yawo, kumenya limu yosasa mawu ija mpaka mkono kuwawa, bambo aang'ono n'kungofuula kuti madzi achuluka. Tsiku lomwelo madzi ochulukawo ankawolotsa wogula nkhumba. Ndimawaonabe amalume ali kadontho tsidya la madzi ofiira, akukweza chipewa m'mwamba, amayi ataima pa khonde osakweza dzanja. Amayi anayesapo kamodzi kukwera, ati akupita nane ku chipatala. Bambo aang'ono anawabweza pa thabwa loyamba.

"Wamasiye sawoloka madzi asanamete. Mwanayo apite ndi azakhali ake."

Za bwato musafunse. Mabwato onse anali a abale a bambo, ndipo m'bango munali ng'ona zimene sizinkafunsa kuti ndiwe wa kwa yani.

Azakhali, mlongo wawo wa bambo, analibe mwana wawo, ndiye chikondi chonse chinkagwera ine ngati denga lakugwa. Ndiwo ankandichotsa matekenya ndi munga, phazi langa atalipana pakati pa mawondo awo, ine ndikulira ngati mbuzi ya pa ukwati. Tsiku lina ali pa ntchito yomweyo ndinaona pa khonde pawo atayanika chimera pa mphasa, chitatuluka timizu toyera, nkhuku zikuzungulira. Ndinafunsa kuti mowa wake ngwachiyani.

"Mowa umenewu ukapsa amako ameta," anatero, maso ali pa phazi. "Akameta, iwe upeza bambo atsopano."

Sanamwetulire. Anabaya munga mozama kuposa masiku onse. Kuyambira tsiku limenelo amayi akamadutsa pa khonde lija ankayang'ana chimeracho monga munthu ayang'anira mtambo ali ndi ufa pa mphasa. Dzuwa likawala, nkhope yawo inkada. Mvula ikagwa chimera n'kulowetsedwa m'nyumba chisanaume, ankadya bwino. Koma ngakhale m'dzinja dzuwa limapeza mpata. Chimera chinauma, chinasinjidwa, migolo ya mowa inatsukidwa.

Tsono pantuni inali ndi lamulo limodzi limene ngakhale bambo aang'ono ankaliopa. Ikawolotsa maliro kubwera pa Chilumba, inkayenera kubwerera nthawi yomweyo yopanda munthu, ndipo aliyense, tsidya lino ndi tsidya lija, ankafulatira madzi mpaka itagunda doko. Okoka sankaimba. Ankautcha ulendo wa alendo. Kumanda kwathu sikunagone eni mudzi okha. Kunagonanso akamwini, atengwa, antchito a pa esiteti, anthu amene imfa inawapeza pa Chilumba madzi atatseka njira, n'kuikidwa kutali ndi amayi awo. Amenewo, akuti, akamva makasu akutsegula manda atsopano, ankadzuka n'kutsikira ku doko kuti apeze mpata wopita kwawo. Woyang'ana ulendo umenewo sankatha chaka. Za wokwera panalibe n'chilango chomwe chimene chinaikidwa, chifukwa ndani wamoyo akanaganiza zokwera?

Okoka a kumtunda ankalumbira kuti pantuni yopanda kanthuyo inkalemera kuposa itanyamula galimoto. Ankafika pamwamba pa chitunda thukuta lili kamukamu, mapewa atasupuka. Aphunzitsi athu, munthu wa mpingo, wa tayi ngakhale tsiku Loweruka, ankatiuza m'kalasi kuti zonsezo n'zachikunja, kuti akufa ali m'manja mwa Mulungu ndipo safuna pantuni. Koma tsiku la maliro nawonso ankafulatira. Ati kunyezimira kwa madzi kunkawapweteka maso. Ine ndinayesapo kusuzumira pakati pa miyendo yanga, koma ndisanaone kanthu dzanja la azakhali, lonunkha utsi, linali litanditseka kale kumaso.

Mowa utatsala pang'ono kupsa, fungo lake litayamba kuitana ntchentche, kunamveka uthenga wa maliro. Mkulu wina wa pa Chilumba anamwalira ku chipatala cha mishoni. Anali mwini mitengo ya magwafa, ndipo ine ndi ndodo yake tinkadziwana bwino kuposa mmene ndinkadziwirana ndi iye. M'mawa mwake azakhali anabwera kwathu. Sanalowe. Anaima pa mtondo, natola musi n'kumauyang'ana ngati akufuna kuugula.

"Galimoto ya maliro ifika dzuwa lili pamutu," anatero, osayang'ana amayi. "Akuti alongo anu ali m'gulu la okoka tsidya lija." Anaubweza musi uja. "Ndikanakhala ine, alamu, ndikanalirira kufupi ndi madzi."

Anandisisita m'mutu kamodzi, n'kumapita.

Amayi anandiveka malaya awiri, ena pamwamba pa ena, ine n'kumadziona ngati mwana wa sitolo. Iwo anamanga zitenje zawo zonse m'chiuno, chakuda chili pamwamba. Sanatenge kanthu kena, ngakhale chipande. Moto anausiya ukufuka, chitseko chili pululu, nkhuku ya anapiye ikupalasa pakhomo. Aliyense wodutsa akanati mwini nyumba wapita kuseri.

Kumwamba kunali kotuwa tsiku limenelo, mvula ikuganiza koma osagamula. Mphepo kunalibe. Bango linangoima njo, ndipo achule amene ankasokosa usana ndi usiku anali ngati auzidwa. Pa chisa chachikulu cha mumkuyu panatera nantchengwa, mutu uli cham'mbali. Mudzi wonse unatsikira ku doko. Tinaona kagalimoto kobwereka kakukwera pantuni tsidya lija, bokosi lili kumbuyo atalifunditsa nsalu, ndipo amuna athu anasenza chingwe.

Amayi anayamba kulira pantuni isanafike ndi pakati pomwe. Analira kuposa ana a malemuyo. Anapanikiza anthu, kundikoka pa dzanja, mpaka tinafika kutsogolo kwenikweni, mapazi awo ali m'madzi. Ine ndinadabwa, chifukwa mkulu ameneyu amayi sankamukonda, anatukwanizanapo naye chifukwa cha mikwingwirima ya pamsana panga. Ndinaganiza kuti mwina magwafa aja nawonso ankawadya mobisa.

Galimoto inatsika, matabwa akulira pansi pa matayala, n'kukwera chitunda pang'onopang'ono. Azimayi anaitsata masitepe ochepa n'kuima. Bambo aang'ono, ali m'jekete la bambo, anakweza mawu:

"Alendo apite!"

Mudzi wonse unatembenuka. Ndipo ife amene tinali kutsogolo kwa onse tinapezeka tili kumbuyo kwa onse.

Amayi anandinyamula ngati thumba la ufa. Sindinamve phazi lawo likugunda thabwa. Tinakhala pakati, pamene panadonthera oyilo wa galimoto, ndipo chingwe cha kutsogolo chinadzuka m'madzi, chikudontha. Doko linayamba kutisiya.

Pamenepo mdani wa amayi sanali bambo aang'ono, ndinali ine. Taganizani, mwana wa khalidwe langa, kumuonetsa mudzi wonse chakumbuyo! Ndinaona misana ya anthu onse amene anandikokapo makutu, itandandalika ngati maungu pa nkhokwe. Ndinaona chigamba chobiriwira pa thalauza lakuda la aphunzitsi, pamalo pamene tayi sangathandize. Kuseka kunayamba m'mimba, kukwera, kufika pakhosi. Dzanja la amayi linafika pakamwa panga nthawi yomweyo. Linali lozizira, la mchere. Kuseka kuja kunabwerera kumene kunachokera.

Poyamba ndinamva fungo. Linali la fodya wa m'mphuno ndi la nsalu zimene zakhalitsa m'sutikesi. Ndinati mwina latsalira kwa anthu operekeza maliro aja, koma m'malo mochepa linkakula. Kenaka thabwa la kumapeto linatsika pang'ono, madzi n'kutumphuka pa mng'alu, n'kubwerera. Kenaka lotsatira. Kenaka lotsatiranso, kubwera kumene tinakhala ife. Zidzukulu zanga zophunzira zinandiuza kuti migolo ikamayandama matabwa amavina okha. Chabwino, ine sindinafike ku sekondale. Koma matabwa ovina okha saima pambali pa munthu ngati akudikira kuti awapatse pokhala.

Amayi anasendera, n'kundikweza pamiyendo pawo.

"Zikomo, malo alipo," anatero chapansipansi, monga umanenera m'basi. "Nafenso ndife alendo. Tikupita kwathu."

Mbali yanga ya kumanzere inazizira ngati ndatsamira mtsuko wa madzi. Sindinaone kanthu, ndisakunamizeni. Ndikanafuna kunama ndikanakupatsani anthu ovala zoyera, a miyendo yosafika pansi. Panalibe. Panali matabwa onyowa, waya akulira kwii, kwii pa chitsulo, ndi madzi amene anali atakwera mpaka pafupi ndi milomo ya migolo, ngati tanyamula ng'ombe. Kutsogolo ndinkaona okoka atawerama, zala za kumapazi zikukumba matope, opanda nyimbo. Wachitatu pa chingwe anali ndi chipewa cha amalume.

Tili pakati penipeni, pamene madzi amasiya kufiira n'kuyamba kuda, pantuni inagwedezeka n'kuima.

Ndinayang'ana kumbuyo. Chingwe cha ku Chilumba, chimene chinkayenera kumangotsata chokha m'madzi, chinali chitadzuka, chili gwa. Bambo aang'ono anali chifulatirebe, koma manja awo anali kumbuyo, ndipo anali atachikulunga pa chitsa chomangirapo pantuni. Sanatione ayi. Koma makutu anali nawo, ndipo kulira kumene kunaposa kwa onse pa doko paja kunali kutazima ngati nyali.

Tsopano ndimamvetsa msampha umene anali nawo. Akanati, "Pa pantuni pali anthu," akanafunsidwa kuti mwaona ndi maso ati. Kucheuka sakanatha. Ndiye anapeza njira ina. Mawu awo anabwera pamwamba pa madzi, osakweza kwenikweni:

"Chingwe chakodwa. Tiibweze, iyambirenso."

Chiyambire pantuni, ulendo wa alendo unali usanabwezedwepo. Koma kapitawo ndi kapitawo. Ndinaona amuna awiri akuyamba kuyenda chambuyo, mapazi akufufuza pansi, manja akupapasa m'mwamba kufuna chingwe. Tsidya linalo okoka anakoka mpaka wina anagwada m'matope, koma chitsa sichigwada. Amayi anandifinya moti nthiti zanga zinayamba kudziwana. Anayang'ana madzi a kumunsi, akudawo, nthawi yaitali ndithu. Sindifuna kudziwa chimene ankayeza.

Ndiye pambali panga, kumene kunali kuzizira kuja, munthu anatsokomola. Kawiri mofulumira, kenaka kamodzi kotalika, kothera m'kalikhweru.

Pamadzi mawu amayenda opanda chowapunthwitsa, ndipo tsiku limenelo kunalibe ngakhale chule wowaphimba. Anafika tsidya lino ndi tsidya lija. Galu wathu, amene anatitsata mpaka pa doko, anadzuka n'kuyamba kugwedeza mchira.

Ena adzati anali amayi. Inenso nditakula ndinawafunsa, iwo n'kungoti, "Iwe ntchito yakuchepera eti?" Koma mutu wanga unali pachifuwa pawo, khutu langa lalitalili likumva mtima wawo ukusinja ngati mtondo wa anthu awiri. Chifuwa chimenecho sichinatsokomole.

Pa doko azimayi anagwa pansi chokhala. Amuna awiri aja anaima pamene anali, manja ali m'malere. Azakhali anafuula, "Achimwene!" ndipo mpaka lero sindidziwa kuti ankaitana uti mwa alongo awo awiriwo. Ndinaona manja a bambo aang'ono akumasuka. Chingwe chinasololoka pa chitsa ngati njoka, n'kugwera m'madzi. Kenaka, ali chifulatire, anayamba kuvula jekete lija, dzanja limodzi, kenaka linalo, n'kuligwira patali ndi thupi ngati lagwira moto.

Pantuni inayendanso.

Chimene chinkandivuta zaka zambiri n'chakuti bambo sanali mlendo pa Chilumba. Anabadwira pomwepo, anagona pakati pa amayi awo ndi agogo awo, analibe kwawo kwina kopita. Koma kwathu mlendo sachoka yekha. Umamuperekeza mpaka pakati pa njira, n'kubwerera. Titangodutsa madzi akuda aja, thabwa la pambali panga linadzuka, lotsatira n'kutsika, kenaka lotsatiranso, kubwerera kumapeto a ku Chilumba. Mbali yanga inayamba kufunda. Amayi sanacheuke. Anangochotsa dzanja pakamwa panga n'kuliika pakamwa pawo.

Titagunda doko, okoka anangoima chifulatire, chingwe chili paphewa, akupuma ngati ng'ombe za pa goli. Tinadutsa pambali pawo, pafupi moti ndikanatha kuwatsina, ndipo ndinaganizako. Palibe anatembenuka. Tinalowa m'munda wa chimanga chofika m'mapewa a amayi, masamba akuticheka kumaso, mpaka tinatulukira pa njira ya ngolo. Amalume anatipeza pamenepo. Anayenda kutsogolo akukankha njinga, osatiyang'ana, osalankhula, mpaka pa mphambano. Pamenepo ndiye anaimika njinga, nandigwira pamphumi, kenaka kunditsina patsaya kolimba. Ndinakuwa.

"Uyu ngwamoyo," anatero. Ndipo anakhala pansi m'mphepete mwa njira, chipewa chili kumaso.

Kwawo kwa amayi tinadikira mlandu. Tsiku lililonse amalume ankavala malaya abwino, ati lero abwera a pa Chilumba kudzatenga mkazi wawo kapena kudzaitanitsa mbuzi. Njinga ikalira belu kumsewu, amayi ankasiya chimene agwira. Chimanga chinacha, tinadya mondokwa, tinakolola, madzi anaphwa m'dambo moti mwana akanatha kuyenda wapansi mpaka pa mkuyu uja. Sikunabwere munthu. Ngakhale uthenga wotukwana, umene pachibale sulephera, sunabwere.

Tsiku lina la msika m'nyengo yozizira ndinapita ndi amayi ku Nsaru kukagulitsa nyemba. Kumeneko ndinaona amuna a pa Chilumba atayala nzimbe. Ndinawathamangira, kuwapatsa moni mmodzimmodzi ndi maina awo. Wina anayang'ana kumwamba. Wina anayamba kuwerenga zala zake. Ndinasolola nzimbe imodzi pamaso pawo, yaikulu, kudikira kuti dzanja lifike pa khutu. Silinafike. Ndinasololanso ina. Ndinachoka pamenepo ndikudziwa kuti pantuni ija inandipatsa mankhwala osaoneka, ndipo ndinayamba kale kukonza za mmene ndidzalowere m'sitolo ya mmwenye.

Ndinadzamva ndili ndi ndevu kuti tsiku lomwe lija, ataika mwini magwafa, akuluakulu a pa Chilumba anakhala pansi n'kugamula kuti wokwera ulendo wa alendo wapita ndi alendo. Anatilira. Nyumba yathu anaigwetsa monga amagwetsera ya womwalira, ndipo dzina la amayi ndi langa analeka kulitchula. N'chifukwa chake sanabwere. Wakufa samuitanira ku bwalo, ndipo palibe amalowa chokolo kwa mzimu. Amayi anapulumuka, inde, anakalamba ndi makutu awo onse awiri. Koma manda a bambo sanawaonenso, ndipo ine theka la abale anga linatha tsiku limodzi popanda bokosi.

Zonsezo pa msika paja sindinkazidziwa. Ndinkangodziwa kuti kuseri kwa ogulitsa nzimbe, pansi pa mthethe, panakhala azakhali ndi dengu la mtedza.

Ndinataya nzimbe. Ndinathamanga ndikukuwa, "Azakhali! Azakhali, taonani, mano amera!" Anadzutsa mutu. Anandiona, ndikulumbira, anandiona kuyambira kumutu mpaka ku zala za kumapazi, msangamsanga, ngati munthu womwa madzi a eni. Kenaka anatembenuka ndi thupi lonse, kundipatsa msana. Potembenukapo duku linawagwa. Mutu unali wometedwa kumene, wonyezimira, uli ndi kabala ka lumo pamwamba pa khutu.

Ndinawagwira chitenje. Sanachikoke, sanandikankhe. Anapisa dzanja m'dengu, natapa mtedza wodzaza, n'kuuthira pansi kumbuyo kwawo, pafumbi, monga amathirira ufa wa nsembe patsinde pa mtengo. Anatapanso kachiwiri. Analankhula moyang'ana kutsogolo, kumene kunalibe munthu.

"Landira, mwanawe. Kumene uliko uzimvera amako."

Ndinatola wonse, osasiyako ndi umodzi womwe. Ndinadzaza matumba a kabudula, wina m'malaya, wina m'kamwa, ndi fumbi lomwe. Msana wa azakhali unkagwedezeka, ine n'kumati akuseka nane. Ndinathamangira kwa amayi, amene anali ataimirira pa nyemba zawo, mbale yoyezera ili m'manja, akuyang'ana ku mthethe kuja.

"Amayi, azakhali ameta mpala!" ndinatero, mtedza ukugwa m'kamwa. "Kodi kwathu kwamwalira ndani?"

Amayi anaika mbale ija pansi. Kenaka anandiuza kuti ndizitafuna nditatseka pakamwa.